Magetsi Akathawa M'waya, Ndani Aletse?

Nkhani yokambidwa kwa eni nyumba ndi amisiri a magetsi ku Mandimba

 Ena mwalawirira kuchokera ku Massangulo, ena mwabwera ndi msewu wa N13 kuchokera ku Cuamba, mwasiya minda ndi malonda anu. Sindikuchedwetsani.

Magetsi afika patali m'dera lathu lino. Akuluakulu a ku Cuamba akukumbukira nthawi imene tauni yonse inkadalira kamakina ka madzi ka kuphiri la Mitucué ndi injini za dizilo. Kenako inabwera nthambo ya 110 kV yochokera ku Gurúè, kudutsa Cuamba mpaka ku Lichinga, itasenza mphamvu ya ku Cahora Bassa. Kuno ku Mandimba tinaunikirapo ndi magetsi a ESCOM owoloka malire pa Chiponde. Mu 2018 boma linayambitsa pulogalamu ya Energia para Todos, n'cholinga chakuti pofika 2030 nyumba iliyonse ikhale ndi magetsi, ndipo mu Seputembala 2023 anatsegula malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 15 ku Tetereane, pafupi ndi Cuamba. Mapolo akulowa m'midzi imene agogo athu anafa asanaonemo babu. Zonsezi n'zabwino, ndipo ine amene ndimadyera ntchito ya magetsi sindinganene zina.

Koma a kampani ya magetsi ya EDM amalekezera pa mita ya Credelec. Kuchoka pamenepo kulowa m'nyumba, waya aliyense, soketi iliyonse, ndi udindo wa mwini nyumba ndi mmisiri amene anamulemba ganyu. Ndipo m'nyumbamo ndi m'mene muli ana okwawa, muli mayi wochapa pansi ndi madzi, muli firiza ya nsomba za ku Chiuta yoyimirira pa simenti yonyowa.

Tiyambe ndi funso loti magetsi amapha bwanji, chifukwa ambiri amaganiza kuti amapha akachuluka. Magetsi oyenda m'waya timawayeza ndi maampeya, ndipo ampeya imodzi ili ndi mamiliampeya 1,000. Miliampeya imodzi ikadutsa m'thupi, munthu amangomva kunyerenyetsa m'zala. Akafika cha m'ma 10, minofu ya dzanja imakungika yokha, munthu amafuna kusiya chimene wagwira koma dzanja likukana. Ndiye chifukwa chake timati magetsi amugwira. Akapitirira 30 ndi kukhalitsa, kupuma kumavuta, ndipo kupitirira apo mtima umasiya kugunda mwadongosolo, umangonjenjemera osapopa magazi. Tsopano werengerani nane. Magetsi athu ndi a mavolti 220. Munthu wonyowa, wopanda nsapato, thupi lake limawakaniza pang'ono chabe, ngati maohmu 1,000. Mukagawa 220 ndi 1,000 mupeza mamiliampeya 220. Ndi ochepa moti sangafunditse n'komwe ketulo, koma munthu amupha.

Wina anena kuti, "Kwanga kuli disjuntor, magetsi akavuta imagwa yokha." Abambo, pitani mukawerenge nambala yolembedwa pa disjuntor yanuyo. Mupeza 10, 16, 20 kapena kuposa. Amenewo ndi maampeya. Disjuntor ya 16 imadikira kuti padutse mamiliampeya oposa 16,000 isanaganize zogwa. Mwana wanu atagwira waya wamoto, m'thupi mwake mukudutsa 200, disjuntor sidziwa kanthu. Kwa iyo mwanayo ali ngati babu lina limene layatsidwa. Ntchito yake ndi kuteteza waya kuti asatenthe ndi kuyatsa denga, ndipo ntchito imeneyo imaigwira bwino. Kuteteza munthu si ntchito yake.

Chotetezera munthu ndi kachida aka ndanyamula m'manjaka, kamene m'sitolo mukafunsa diferencial akupatsani. Taonani mmene kalili. Kakufanana ndi disjuntor, koma n'kokulirapo kawiri, ndipo kali ndi kabatani kolembedwa T. Pansi pa kabatanika palembedwa 30 mA, pena amalemba 0,03 A. Nambala imeneyo ndiyo mwabwerera lero.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Magetsi amalowa m'nyumba ndi waya wamoto n'kubwerera ndi neutro. Olowa ndi obwerera ayenera kufanana ndendende. M'kati mwa diferensiyali muli kamkombero ka chitsulo, ndipo mawaya onse awiri amadutsa m'kamkomberomo. Akafanana, mphamvu ya maginito ya wina imafafaniza ya mnzake, kamkombero kamakhala chete. Zili ngati mbusa amene amawerenga mbuzi potuluka m'khola ndi polowa: zikatuluka 20 n'kubwera 19, safunika kuona fisi kuti adziwe kuti ina yatsala kuthengo. Magetsi akalowa koma ena osabwerera, ndiye kuti apeza njira ina yopitira pansi, kaya kudzera m'khoma lonyowa, kaya m'chitsulo cha firiza, kaya m'miyendo ya munthu. Kusiyanako kukafika pakati pa mamiliampeya 15 ndi 30, kachidaka kamadula mawaya onse awiri. Lamulo la opanga limati pa 30 kasapitirire masekondi 0.3, ndipo pa 150 kasapitirire masekondi 0.04. Munthu amamvabe shoko, tisanamizane, imamupweteka ndithu, koma mtima sukhala utasokonezeka.

Ena mumaganiza kuti zimenezi n'zachizungu, za nyumba za ku Maputo. Mbiri yake ili pafupi ndi ife kuposa mmene mukuganizira. Ku migodi ya golide ya ku South Africa, kumene azibambo ambiri a mbali zino ankapita ku Joni, magetsi ankapha anthu pansi pa mgodi chifukwa cha chinyezi. Injiniya wina dzina lake Henri Rubin, wa kampani ya ku Alberton pafupi ndi Johannesburg, anapanga chida chomva magetsi othawa mu 1955. Mayi wina atafa ndi magetsi m'nyumba mwake m'mudzi wa mgodi wa Stilfontein, zida zoterezi za mamiliampeya 20 zinaikidwa m'nyumba za m'mudziwo mu 1957 ndi 1958. Ku America, Charles Dalziel wa pa yunivesite ya ku Berkeley, amene anathera zaka zambiri akuyeza mmene magetsi amachitira m'thupi la munthu, anapanga chake mu 1961. Pofika 1974 South Africa inalamula kuti nyumba zokhalamo anthu zizikhala ndi chida chimenechi. Papita zaka zoposa 50. Ife tikumangabe nyumba za malata, za njerwa zootcha, zopentedwa bwino, m'bokosi la magetsi muli madisjuntor awiri basi.

Tsopano za terra, waya wachitatu uja wobiriwira ndi chikasu. Amisiri anzanga, apa mvetserani bwino, chifukwa ambiri tinaphunzitsidwa kuti ukakhoma chitsulo pansi watha ntchito. Waya wa terra amalumikiza thupi lachitsulo la firiza, la simbi, la mbaula ya magetsi, n'kulipititsa ku chitsulo chokhomedwa m'nthaka. Waya wamoto akasupuka n'kukhudza thupi la firiza, magetsi amatsikira pansi kudzera mu terra. Koma amatsika ochuluka bwanji? Tinene kuti chitsulo chanu chili bwino, mwachiyeza mwapeza maohmu 50. Gawani 220 ndi 50, mupeza maampeya 4.4. Disjuntor ya 16 igwa ndi 4.4? Siigwa. Firiza ikhala ili ndi moto tsiku lonse, mayunitsi a Credelec akuthera m'dothi, mpaka wina adzaigwire. Pakakhala diferensiyali, maampeya 4.4 amenewo ndi ochuluka kuposa amene ikufuna, imagwa nthawi yomweyo munthu asanakhudze n'komwe. Komanso diferensiyali ikakhala yokha popanda terra, imadikira kuti munthu agwire kaye, thupi lake ndilo likhale njira yopitira pansi, ndiye igwe. Imamupulumutsa nthawi zambiri, koma n'chifukwa chiyani tiyesere pa mwana? Ziwirizi zimaikidwa pamodzi.

Chitsulo cha terra chikhale chokutidwa ndi kopa, chotalika mita imodzi ndi theka kapena awiri, chokhomedwa chonse, osati chodulidwa pakati kuti chikwanire nyumba ziwiri. Waya amangidwe ndi chomangira chake cha bawuti, osati kungomuzunguliza ndi pulayasi, ndipo pamalo polumikizapo pakhale kabokosi koti munthu atsegule n'kuona. Chitsulo cha konkire chotsala pomanga chimachita dzimbiri msanga. Za mchere ndi makala zija timathira m'dzenje, zimatsitsa nambala tsiku loyeza, mwini nyumba n'kusangalala, koma mchere umakokoloka ndi mvula ndipo umadya chitsulocho. Kuli bwino kufuna malo achinyezi, kapena kukhoma zitsulo ziwiri motalikirana n'kuzilumikiza. Ndipo muziyeza mu Okutobala, dothi litauma gwa, chifukwa nambala ya mu Febuluwale imanyenga.

Pali vuto lina limene ndi lathulathu ife a m'malire, limene mmisiri wa ku Beira sakumana nalo kwambiri. M'nyumba imodzi ya kuno mupeza mapulagi a mitundu itatu kapena inayi. Ya kuno kwathu ili ndi miyendo iwiri yobulungira, ndipo terra wake amagwira m'mbali, pa timalata tiwiri tili m'kati mwa soketi. Ya ku Malawi ili ndi miyendo itatu yaphwatalala. Ya ku South Africa ili ndi miyendo itatu yobulungira, yaikuluikulu. Firiza inagulidwa ku Mangochi, simbi inabwera ndi mlamu wa ku Joni, soketi ya pakhoma ndi ya ku Nampula. Ndiye timatani? Timagula kadaputala pamsika. Tengani kadaputala kameneko mukayang'anitsitse: kutsogolo kali ndi mabowo atatu, kumbuyo kali ndi miyendo iwiri. Mwendo wachitatu wa firiza walowa m'bowo, inde, koma m'bowomo mulibe chimene wakhudza. Mmisiri anakhoma chitsulo, anakoka waya wa terra nyumba yonse, koma terra wathera pa kapulasitiki ka mameticais ochepa.

Chimodzimodzi ndi maekisitenshoni aja a mabowo ambiri, a kagetsi kofiira. Masulani imodzi tsiku lina muone. Zambiri zotsika mtengo zili ndi mawaya awiri okha, owonda ngati ulusi. Enanso amathyola mwendo wa terra ndi pulayasi kuti pulagi ilowe. Ena amadula pulagi yonse, n'kulowetsa mawaya awiri m'soketi, n'kutsendera ndi timitengo ta machesi. Ndinalowa m'nyumba ina kumene pa chogwirira cha firiza anamangapo kansanza. Nditafunsa, mayi a pakhomopo anayankha moseka kuti, "Imaluma ikamagwa mvula, ndiye timatsegula ndi nsalu." Nyumbayo inali ndi ana anayi, ndipo wamng'ono anali wa msinkhu wongoyamba kuyenda chogwira zinthu. Firiza yoluma ndi firiza imene waya wake wamoto wayamba kale kukhudza thupi. Mankhwala ake si nsanza.

Chochita n'chosavuta: dulani pulagi yachilendoyo, mmisiri aikepo ya kuno ya terra m'mbali, mawaya onse atatu alowe m'malo mwake. Kapena aike pakhoma soketi yogwirizana ndi chipangizocho, yolumikizidwa ku terra. Zipangizo zina, monga machaja a foni ndi mawailesi ambiri, zili ndi chizindikiro cha kabokosi m'kati mwa kabokosi kena. Zimenezo zinakutidwa kawiri, sizifuna terra, miyendo iwiri ikwanira. Koma chilichonse cha thupi lachitsulo chimene chinabwera ndi mawaya atatu chikufuna onse atatu.

Malire omwewa amatisokonezanso pa mitundu ya mawaya, ndipo apa achinyamata lembani. Pa waya wa masiku ano, wofiirira ngati khofi ndi wamoto, wabuluu ndi neutro, wobiriwira ndi chikasu ndi terra. Wakuda ndi wotuwa nawonso amakhala amoto. Koma pa waya wa ku South Africa, ndi wa m'nyumba zakale za ku Malawi, wofiira ndiye wamoto ndipo wakuda ndi neutro. Ndiye wakuda yemweyo, m'nyumba iyi ndi neutro, m'nyumba yoyandikana nayo ndi wamoto, ndipo pali nyumba zimene mmisiri woyamba anagula waya ku Cuamba, wachiwiri anakagula ku Chiponde. Musakhulupirire mtundu. Yezani. Kasikuludalaiva kaja koyaka kumbuyo kamanama dzuwa likawala kapena mukaima pouma. Gwiritsani ntchito mita, muiyese kaye pamene mukudziwa kuti pali moto, ndiye muyeze pamene mukufuna kugwira.

Kaikidwe kake m'bokosi kali motere. Thimitsani pa switchi yaikulu, mutsimikize ndi mita kuti mwathima, ndipo muuze a pakhomopo kuti wina asayatse. Magetsi ochokera ku mita alowe kaye ku disjuntor yaikulu, kenako ku diferensiyali, wamoto ndi neutro onse awiri, neutro pa bowo lolembedwa N. Potuluka, wamoto apite ku madisjuntor ang'onoang'ono, neutro apite pa kachitsulo kosonkhanitsira maneutro. Terra sadutsa m'diferensiyali, ali ndi kachitsulo kakekake. Nambala ina ili pa kachidaka, 25, 40 kapena 63 A, ikunena katundu amene kangasenze, ndipo isachepere disjuntor imene ili patsogolo pake. Masoketi akokedwe ndi waya wa 2.5 pa disjuntor ya 16, mababu ndi waya wa 1.5 pa disjuntor ya 10. Switchi ya babu idule wamoto, osati neutro, kuti wosintha babu asapeze moto m'chotengera. Mangani masikulu zolimba, mukokeko waya aliyense kuti muone ngati sakusolola.

Zolakwa ziwiri ndizo zimabwerezedwa kulikonse. Choyamba ndi kulumikiza neutro ndi terra m'soketi, kumene ena amachita kuti aoneke ngati aika terra pamene sanakoke waya wachitatu. Diferensiyali izingogwa, ndipo choopsa n'chakuti neutro akadzaduka panjira, thupi la chipangizo chilichonse lidzakhala ndi moto. Chachiwiri ndi kusakaniza maneutro. Mukaika madiferensiyali awiri, iliyonse ikhale ndi maneutro akeake. Ndipo ine ndimalimbikitsa awiri kumene thumba likulola, kuti ina ikagwa usiku nyumba yonse isakhale mumdima, ndi nsomba za m'firiza zisaonongeke chifukwa cha babu la kubafa.

Pogula, werengani nambala ndi maso anu. Alipo madiferensiyali olembedwa 300 mA ndi 500 mA. Amenewo amathandiza kupewa moto, koma munthu samuteteza. Mukufuna 30. Ngati m'nyumba muli makina ochapira kapena firiza zatsopano za inveta, funsani ya mtundu A. Amene simungathe kusintha bokosi lonse, kapena mukukhala nyumba ya lendi, alipo masoketi ndi mapulagi okhala ndi diferensiyali m'kati mwake, oteteza malo amodzi okha. Yambani ndi pamene pali madzi: kukhitchini, pochapira, pa pampu ya pachitsime, soketi ya pakhonde. Masoketi otere ena amateteza ndi anzawo otsatira, choncho ali ndi mbali yolowera ndi mbali yotulukira, ndipo mukazitembenuza chitetezo chimasokonekera ngakhale magetsi akuyaka. Aja mumawaona pa YouTube akuikidwa m'nyumba za ku America ndi a mavolti 120, kuno sagwira. Soketi yapanja ikhale ya chivindikiro, yolembedwa IP44 kapena kuposa, ndipo pafupi ndi posambira musaikepo soketi ayi.

Ndifike pa nkhani imene imandipweteka kwambiri. Mmisiri waika diferensiyali, yagwira bwino chilimwe chonse. Mvula ya Disembala yayamba, yagwa kamodzi, kawiri, katatu. Mwini nyumba wakwiya, akuti chinthuchi n'chakufa, waitana mnyamata wina wa pamsika. Mnyamata uja wafika, wachotsa mawaya, wawalumikiza molambalala, magetsi ayaka, walandira yake ya sopo, aliyense wakondwa. Kachida kali pomwepo pakhoma, kakuoneka bwinobwino, koma sikakuonanso kanthu. Achinyamata, amene mudzachite zimenezi mudziwe kuti mwachotsa chokhacho chimene chinkauza banjalo zoona. Diferensiyali ikagwa, nthawi zambiri ndiye kuti magetsi akuthawadi penapake. Madzi alowa m'chotengera babu la pakhonde. Khoswe watafuna waya kudenga. Lata lacheka waya amene anadutsitsidwa pamwamba pa khoma popanda paipi. Chiswe chamanga m'kabokosi ka m'khoma. Chotenthetsera madzi chija choviika m'ndowa chang'ambika.

Kufufuza kwake ngakhale mwini nyumba angayambe. Zulani mapulagi onse, kuzula ndithu osati kungothimitsa. Tsitsani madisjuntor ang'onoang'ono onse. Kwezani diferensiyali, kenako muzikweza madisjuntor imodziimodzi. Pamene igwere, vuto lili pa mzere umenewo. Ikapanda kugwa, bwezerani zipangizo chimodzichimodzi mpaka mupeze cholakwa. Chikapezeka, chisabwererenso pakhoma mpaka chikonzedwe. Zikakanika apo, itanani mmisiri amene ali ndi mita yoyezera kukutidwa kwa mawaya.

Kunena za malata, pali chizolowezi chomanga waya woyanikira zovala ku denga kapena ku polo yachitsulo ya khonde. Denga likakhudzana ndi waya wosupuka, nyumba yonse ya malata imakhala ndi moto, ndi waya woyanikirayo. Amene amayanika ndi mayi kapena mtsikana, manja onyowa, mapazi pa dothi. Yanikirani pa chingwe, ndipo chimangidwe pa mtengo.

Sindikufuna muchoke pano mukuganiza kuti kachidaka n'chithumwa. Munthu akagwira wamoto ndi dzanja ili, neutro ndi dzanja linali, ataima pouma, magetsi olowa ndi obwerera amafanana, diferensiyali siona cholakwa. Siiteteza amene akusewera ndi mawaya a kutsogolo kwake, a ku mita kapena a pa polo. Siiletsa mphezi. Madiferensiyali ambiri sagwa chifukwa chochulutsa katundu, ndiye madisjuntor akufunikabe. Amene muli ndi jenereta kapena inveta ya sola, funsani mmisiri wodziwa, chifukwa makina ena otere neutro wawo sanalumikizidwe pansi ndipo diferensiyali singagwire monga mukuyembekezera. Jenereta isalowetsedwe m'nyumba kudzera pa soketi, pamafunika switchi yosinthira, apo ayi magetsi anu abwerera ku polo n'kukapha wantchito amene akukonza nthambo akudziwa kuti wathimitsa.

Komanso kachidaka kamakalamba. Fumbi la kuno, chinyezi ndi nyerere zimaumitsa tizitsulo ta m'kati. Ndiyo ntchito ya kabatani ka T. Mukakadina, magetsi athime pompo. Opanga ena amati mwezi uliwonse, ena miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Ine ndimati muzidina pakutha pa mwezi, tsiku limene mukulowetsa manambala a Credelec, popeza mwaima kale pomwepo. Mukadina osagwa, kafa, sinthani. Dziwani kuti kabatanika kamayesa kachida kokha, sikayesa chitsulo cha pansi kapena terra wa m'masoketi. Zimenezo amayeza ndi mmisiri, soketi iliyonse payokha, asanalandire malipiro omaliza. Eni nyumba, muzimuuza ayeze inu mukuona. Mmisiri weniweni sakwiya nazo.

Mafumu ndi alembi a mabairo, gawo ili ndi lanu. M'mabairo mwathu muli nyumba zimene zimakoka magetsi kwa oyandikana nawo ndi waya wopota wa wailesi, wokwiriridwa pang'ono m'dothi kapena wopachikidwa pa nsungwi, wolumikizidwa ndi mapepala a pulasitiki. Lamulo likuletsa, koma ine ndikunena za mwana amene akuthamanga m'matope pamwamba pa waya ameneyo. Mwanayo mwina si wa nyumba yopereka kapena yolandira. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inu mumadziwa khomo lililonse, ndipo mawu anu amamveka kuposa anga. Chimodzimodzi mashopu ometera, owotcherera zitsulo ndi ochajira mafoni, kumene anthu ambiri amalowa: m'malo otere diferensiyali isakhale nkhani yopempha.

Ngozi ikachitika, musamugwire munthuyo ndi manja, mungakhale awiri. Thamangirani kuthimitsa pa bokosi kapena kuzula pulagi. Zikakanika, imani pouma, mumukankhe kapena mukankhe waya ndi mtengo wouma. Ngati ndi nthambo yaikulu ya pa polo yagwa, musayandikire n'komwe, imbirani a EDM ndi kuletsa ana. Munthu akachotsedwa koma sakupuma, mugonekeni chagada, ikani manja pakati pa chifuwa, muzidina mwamphamvu ka 100 mpaka 120 pa mphindi, osaleka, wina akufuna galimoto. Musamumwetse madzi kapena mkaka ali chikomokere. Ngakhale adzuke n'kunena kuti ali bwino, apite kuchipatala, chifukwa magetsi amaotcha m'kati ndipo mtima ungasokonezeke pambuyo pake.

Za mtengo ndikudziwa mufunsa. Mitengo imasintha, koma diferensiyali yabwino, chitsulo cha terra ndi waya wake nthawi zambiri sizifika pa mtengo wa firiza imene mukuiteteza, ndipo ambiri muno muli ndi foni m'thumba yodula kuposa kachidaka. Chenjerani ndi zachinyengo, zopepuka m'manja, zolemba zofufutika. Gulani m'sitolo yodziwika, mulandire lisiti, ndipo mudine T tsiku lomwelo loika. Amisiri, polemba mtengo wa ntchito musamaike diferensiyali pamzere woti ichotsedwe mwini nyumba akadandaula. Chepetsani masoketi, chepetsani mababu a pakhonde, koma iyo ikhale.

Mukafika kunyumba madzulo ano, tsegulani chitseko cha bokosi la magetsi, osamasula sikulu iliyonse, mufune kabatani ka T ndi nambala ya 30 mA. Mukazipeza, dinani. Mukapanda kuzipeza, itanani mmisiri sabata ino, mvula isanayambe.